Ndinabisa Amuna Anga Kuseri kwa Zithunzi za ku Gurue

1

Dzina langa ndine Lyness, mkazi wa a Zakaria Makaiko a ku Domasi Mission. Ndinaphunzitsa sitandade 3 zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo ana amene ndinawakwapula chifukwa cha bodza angadzaze maminibasi khumi. Lero ndikuulula langa.

Ngati munali pa gulu la WhatsApp la amayi a Mvano kwathu chaka chatha, zithunzi zija mukuzikumbukira. Ine ndi a Makaiko pansi pa mtengo wa mango, mbale ya nyemba za kalongonda ili pamiyendo. A Makaiko atavala nthenga kumutu, akuvina tchopa ngati mnyamata. Ine ndikung'amba nkhuku yootcha ya tsabola, mafuta akutsikira m'zigongono. Pansi ndinkalemba kuti, "Moni kuchokera ku Gurue, kuno zakudya n'zosayamba." Inu munkayankha kuti kupuma pa ntchito ndiye kumeneko. Lukiya, mnansi wanga wogulitsa kalongonda pa Songani, anafika polemba kuti pobwera ndimutengereko mwamuna wa ku Mozambique, bola akhale ndi mano.

Zithunzizo zinali zenizeni. Tinazijambula m'masabata awiri okha a mwezi wa Epulo. Ine ndinkazitulutsa chimodzichimodzi, ngati mchere wa m'nyumba ya mphawi, mpaka Okutobala. Miyezi isanu yonseyo tinali konkuno ku Domasi, mtunda woti wa njinga wochokera ku Mission amafika asanatuluke thukuta, m'chipinda cha windo limodzi. Kiyi wa chipindacho anali pa chingwe, m'khosi mwanga.

2

A Makaiko anagwira ntchito ya zankhalango pa phiri la Zomba mpaka tsitsi linayera. Atapuma, nyimbo yawo inali imodzi: kukaona mudzi umene amayi awo anachokera ali kamtsikana, kufupi ndi Gurue ku Mozambique. Ankati safuna kufa asanaponde dothi limenelo. Mwana wathu mmodzi yekhayo, Tawina, amene ndi mlangizi wa zaulimi ku Mzimba, ndiye anatithamangira za mapasipoti.

"Ababa, mukadye mpaka mimba ikatuluke," anatero potitsanzika pa foni. "Mukabwere mutanenepa, ndikufuna ndidzakuwoneni jekete likukana."

Nthawi imeneyo a Makaiko anali atayamba kale kuiwala tinthu. Magalasi awo ndinawapezapo m'thumba la mpunga. Ndinkangoti ndi ukalamba.

Ku Gurue anatilandira ngati tinachoka dzulo. Inali nthawi ya zokolola zoyamba, ndipo phwando linkachoka mudzi uwu n'kugwera mudzi winawo. Ife tinkangotsatira ng'oma. Chigwada chotendera, chinangwa chootcha, nandolo, thobwa wa mapira, ndi kalongonda amene amayi akumeneko ankamuyamba mamawa n'kudzamuphula dzuwa litapendeka. Chilomwe cha a Makaiko, chimene sindinachimvepo chikupitirira moni, chinangotumphuka ngati kasupe. Madzi saiwala khwawa. Sindinawaonepo akusangalala choncho m'zaka zathu zonse makumi anayi ndi zitatu.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Tsiku la khumi ndi chiwiri, masana, gule atapumira, gogo wina wamwamuna anawafunsa pagulu kuti, "Nanga ana muli nawo angati kwanuko?"

A Makaiko anaimirira, nthenga zikadali kumutu. Anamwetulira, n'kuyamba kuyankha m'Chilomwe. Ine Chilomwe ndimamva, ndinaleredwa ndi agogo. Atangonena ziganizo ziwiri, ndinadziwa kumene akulowera. Mayi wina anagwira pakamwa. Ndinadzuka ndi chipanda cha thobwa, n'kuchiika pamlomo pawo, ndikuyimba mokweza nyimbo ya m'buku ngati mzimu wandigwira. Anamwa, anaiwala.

Zimene ananenazo ndikuuzani, koma mundilole ndiyambe ndapuma. Pakadali pano dziwani izi zokha: zinali za Tawina, ndipo ine ndinkakhulupirira kuti pa dziko lonse lapansi wozidziwa wamoyo ndinali ine ndekha.

M'mawa mwake ndinawafunsa tili awiri.

"Abambo a Tawina, dzulo paja munkati chiyani?"

"Ndinati chiyani?" Anandiyang'ana ndi maso oyera ngati a mwana. "Ndinavina bwino eti?"

Koma masana, mwana wina atadutsa akulira, anayambanso. Mawu omwewo, m'Chilomwe chomwecho. Mawa lake anabwerezanso. Ndinazindikira kuti matenda a kuiwala awatsegula pakamwa pamene umunthu wawo unatseka zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Kwathu ku Mission okalamba ambiri Chilomwe amamva. Lukiya amamva. Tawina, amene anakulira pamsana pa apongozi anga, amamva kuposa ine.

3

Tili pa malire a Muloza pobwerera, ndinaimbira Mwanahamisi. Ameneyu ndi mnzanga wa kuubwana, tinkatunga madzi limodzi mu Domasi tisanamere mabere. Ndi Myao, Msilamu, mkazi wamasiye wa malemu Sefu amene anali telala wotchuka pa Songani. Amakhala yekha kumtunda kwa chigwa, m'nyumba ya mpanda wa njerwa. Chachikulu kwa ine chinali chakuti Chilomwe sachimva ngakhale liwu limodzi.

"Mwanahamisi, a Makaiko mutu wasokonekera," ndinamuuza. "Akuyankhula okha. Ndikapita nawo ku Mission, ukuwadziwa anthu. Mawa lomwe ayamba kunena kuti mkulu wa mpingo wagwidwa ndi zithumwa zake."



"Ndiye ukufuna chiyani?"

"Chipinda chako chakuseri chija. Sabata imodzi kapena ziwiri, mpaka akhale bwino."

"Bwerani," anatero. Sanafunsenso china.

Tinalowa pa geti yake masana, pa galimoto ya hayala, mvula yomaliza ikugwa mwamphamvu moti panjira panalibe ngakhale galu. Ndinawafunditsa a Makaiko chitenje kumutu ngati mkwatibwi. Tsiku lomwelo ndinatumiza chithunzi pa gulu la Mvano: "Achibale atikaniza kubwerera. Akuti tidikire phwando la mpunga."

4

Chipindacho chinali cha bedi limodzi ndi mpando umodzi. Pakona panali mashini osokera a malemu Sefu, ofunditsidwa nsalu. Windo linayang'ana ku mpanda, ndipo pamwamba pa mpandapo pankaoneka kachidutswa ka phiri la Zomba, phiri limene a Makaiko analiyenda moyo wawo wonse.

Sabata ziwiri zinakhala mwezi. Mwezi unabala unzake. Ine sindinkatuluka pa geti, poti aliyense wazaka zosapitirira makumi anayi m'chigwa muno anadutsa m'kalasi mwanga. Ndinkachapa kuseri, kuphika kuseri, kutsokomola m'chitenje. Mlendo akagogoda, ndinkathamangira m'chipinda, kukiya, n'kuwagwira amuna anga dzanja mpaka mapazi atatuluka. Ndinawatsekera iwo, koma nanenso ndinali mkaidi wa kiyi yemweyo.

M'mawa uliwonse ankadzuka ndi funso limodzi.

"Tawina abwera liti?"

"Mawa."

"Wati mawa? Ndiye mundichapire malaya oyera aja."

Dzina limenelo likangotuluka, ndinkadziwa chotsatira. Maso ankapita kutali, Chilomwe n'kuyamba. Ine pomwepo ndinkayamba nyimbo. Ndinayimba buku lonse m'miyezi imeneyo, kuyambira kuchikuto mpaka kuchikuto. Ziganizo ziwiri zoyambazo ndinazimva kosawerengeka, koma sindinawalole kufika pa chachitatu ngakhale tsiku limodzi.

"Mnzanga, Mulungu wako akuyenera kuti watopa nawe," anatero Mwanahamisi tsiku lina akupeta mpunga. "Ife timapemphera kasanu pa tsiku, iwe wapitirira."

Lamulungu ndilo linkandipweteka. Mphepo ikachokera kumunsi, belu la ku Mission linkamveka. A Makaiko ankavala jekete, kupesa tsitsi, n'kuima pa chitseko Baibulo lili m'khwapa.

"Mayi a Tawina, tichedwa. Lero ndine wowerenga mawu."

"Limenelo si belu lathu. Tili ku Gurue, mwaiwala?"

Ankayang'ana pa windo nthawi yaitali. "Koma phiri ili likufanana ndi lathu."

"Mapiri amafanana."

Ankavula jekete mwakachetechete n'kulipinda bwinobwino. Munthu amene sanandikwezerepo mawu chikwatirane, ndinkamunamiza za phiri lake lomwe.

Tawina ankaimba Lachisanu lililonse. Ndinkathawira kuseri kwa bafa.

"Amayi, ndipatseni ababa."

"Apita ku gule, mwana wanga. Abambo akowa kuno asanduka mnyamata."

"Nthawi zonse ku gule? Mwezi wachitatu uno sindinamve mawu awo."

"Netiweki ya kuno ndi yovuta. Ndikutumizira chithunzi."

Ndikabwerera m'chipinda ndinkawapeza atakhala pa bedi, malaya oyera ali pamiyendo.

5

Mu Julayi a Makaiko analeka kudya. Mpunga ankaukankha, nsomba ankazinunkhiza n'kutembenuka. Ankangoti, "Kalongonda wa amayi uja ali kuti?" Masaya analowa. Lamba ndinamuboola kabowo kena ndi msomali.

Amene simukumudziwa kalongonda, ndi nyemba zathu Alomwe, ndipo si za munthu waulesi. Umaziwiritsa kuyambira m'mawa, kusenda makoko, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, mpaka madzi akuda aja atayera. Ukachita changu, wodya amazungulira mutu, ena amagona osadzukanso. N'chifukwa chake anthu a mitundu ina amagula wophikaphika, ngati agula n'komwe. Waiwisi amagula ndi Mlomwe yekha.

"Ndikakugulira pa Songani," anatero Mwanahamisi.

Anabwera naye, ndinaphika tsiku lonse, ndipo a Makaiko anadya mpaka kunyambita zala. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse Mwanahamisi ankatsika ndi dengu. Ine, mphunzitsi wa zaka makumi atatu ndi ziwiri, sindinaganize kuti mayi wa Chiyao wogula kalongonda waiwisi sabata ndi sabata amaoneka ngati nkhuku yoyera pakati pa akhwangwala.

Loweruka lachinayi anabwera akuseka.

"Mnansi wako Lukiya ali ndi pakamwa. Akuti, 'Mwanahamisi, wakwatiwa ndi Mlomwe kodi? Ukudziwa kuti amatayidwa madzi kangati, kapena ukufuna tidzakuike Lolemba?'"

"Ukugula kwa Lukiya?"

"Wake ndi wabwino, alibe anankafumbwe."

"Pa Songani ogulitsa ndi ambiri! Ukagule kwa wina, chonde."

"Ndamva," anatero, n'kukapitiriza kugula kwa Lukiya yemweyo.

Zithunzi nazo zinayamba kunditsutsa. Kumapeto kwa Ogasiti Tawina anandilembera kuti, "Amayi, ku Gurue udzu suuma? Chithunzi cha lero chimanga chikadali chachiwisi." Ndinaiwala kuti ndinabala mlangizi wa zaulimi. Ndinayankha kuti kumeneko ndi kumapiri, mvula siithera.

Ndiye mu Seputembala munachitika chinthu chimene ndikuchita nacho manyazi kuposa zonse. M'mawa wina a Makaiko anadzuka osafunsa za Tawina. Mawa lake sanafunsenso. Malaya oyera anawasiya pansi pa bedi. Belu likalira sankadzukanso. Ndipo ine, mkazi wawo, ndinapuma mpweya wa mpumulo. Ndinati mwina zatha, mwina mwezi wamawa tikhoza kubwerera kwathu ngati anthu ochokera ku ulendo. Sindinadzifunse kuti chimene chatha n'chiyani.

6

Linali Loweruka loyamba la Okutobala, cha m'ma 10 koloko m'mawa. Ndinali kuseri ndikutaya madzi achitatu a kalongonda. Geti inagogodwa. Ndisanafike n'komwe pa chitseko cha chipinda, ndinamva Mwanahamisi akutsegula, osafunsa kuti ndani.

"Lukiya, iwe ntchito yako yathera pompa, zikomo," anatero. "Lowa, mwana wanga." Geti inatsekedwa.

Tawina anazungulira nyumba n'kundipeza nditagwira mphika. Anali ndi fumbi la ulendo kumapazi, chikwama chili paphewa. Anayang'ana ine, anayang'ana makoko a kalongonda pansi.

"Ku Gurue ndi kuno?"

"Tawina, mwana wanga, ndikufotokozera."

"A Lukiya anandiimbira. Akuti m'chigwa chonse muno wotaya makoko a kalongonda kuseri kwa mpanda wa Asilamu angakhale ndani. Akutinso wina anamva nyimbo za m'buku zikuchokera muno, mawu ake ngati a aphunzitsi. Ababa ali kuti? Ali moyo?"

Anaona chingwe m'khosi mwanga. Anatambasula dzanja, ndipo ndinavula kiyi n'kumupatsa.

A Makaiko anali pa mpando, akuyang'ana kachidutswa kawo ka phiri. Jekete limene Tawina ankafuna lidzakane linali lendelende pa mapewa. Anagwada patsogolo pawo n'kuwagwira mawondo.

"Ababa! Ababa, ndabwera."

Anamuyang'ana mwaulemu, monga ankayang'anira alendo pa khomo la tchalitchi.

"Takulandirani, mayi. Mwachokera kutali?"

"Ababa, ndine Tawina."

"Tawina?" Nkhope yawo inawala. "Inenso ndili ndi mwana dzina lake Tawina. Ali ku Mzimba. Anati abwera mawa."

Kulira kumene analira mwana wanga sindidzakuiwala. Koma dzina linali litatchulidwa, ndipo ndinaona maso a a Makaiko akupita kutali. Chilomwe chinayamba. Pakamwa panga panatseguka pokha, nyimbo inatuluka. Pomwepo dzanja la Mwanahamisi, lonunkha anyezi, linanditseka pakamwa.

"Wayimba mokwanira," anatero. "Aleke amalize."

Ndikuikirani m'Chichewa zimene ananena, akuuza mwana wawo ngati akuuza mlendo.

"Mwana ameneyo si wa magazi anga, mayi. Ndi wa telala uja wa pa Songani."

Apa ndi pamene ndinkawadula nthawi zonse. Iwo anapitiriza.

"Ine ndinapita kuchipatala ndekha, osauza munthu, ndipo anandiuza kuti sindingabereke. Ndinasowa poyambira kumuuza mkazi wanga. Abale anga ankamunena iyeyo kuti ndi chumba, ine ndili chete, zaka zisanu ndi ziwiri. Ndiye tsiku limene anandiuza kuti ali ndi pakati, ndinakwera phiri, ndinalira, kenako ndinatsika n'kukagula mabulangete. Mwanayo atabadwa anandigwira chala ichi, osachisiya. Ndani angandilande? Dzina ndinamupatsa ndine. Njinga ndinamuphunzitsa ndine. Koma inu mayi, mukakumana naye musakamuuze. Ndi mayi akenso musawauze kuti ndikudziwa, angachite manyazi. Ndi munthu wabwino, anavutika chifukwa cha ine."

Atatero anapukuta pakamwa, n'kufunsa ngati kalongonda wapsa.

7

Ndinakhala pansi pa simenti. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo ndinapita kwa Sefu kukayezetsa yunifolomu ya Mvano, nditatopa ndi kunyozedwa pa maliro ndi pa zitsime. Ndinapitako katatu. Yunifolomu inafunika ulendo umodzi wokha. Sindikudzikhululukira, ndikungonena mmene zinalili. Sefu anamwalira tisanakambepo za nkhaniyi ngakhale kamodzi.

Tawina anatembenukira kwa ine, kenako kwa mashini ofunditsidwa pakona, kenako kwa Mwanahamisi.

"Anti, mwamva zimene anenazi?"

"Chilomwe sindimva, mwana wanga. Koma maso ndili nawo." Anatenga dzanja lamanzere la Tawina n'kuliwongola. Kachala kakang'ono n'kopindikira mkati. "Ana anga onse anayi ali ndi kachala aka. Ndinakaona tsiku limene ndinabwera kudzakuona uli wa masiku atatu, nditasenza mtolo wa nkhuni wa mayi akowa."

"Unkadziwa?" ndinafunsa. "Zaka zonsezi? Nanga bwanji unandilandira muno?"

"Sindinalandire iwe. Ndinalandira bambo awa. Iwo ndi ine tinasenza mtolo umodzi, aliyense kwake, osauzana." Anandiyang'ana osaphethira. "Ndinkati sabata ziwiri, ndinaona miyezi. Ndinakuuza kangati kuti umuitane mwana? Unkati mawa. Tsiku limene analeka kudya ndinati basi. Ukuganiza kuti sindidziwa kuti pa Songani ogulitsa kalongonda ndi asanu ndi mmodzi? Ndinasankha wa pakamwa. Makoko ndinkakataya kunja kwa mpanda dala. Kungoti Lukiya naye anachedwa kuwerenga."

Tawina anaimirira n'kupukuta misozi ndi m'mphepete mwa chitenje. Ndinkayembekeza kuti andifunsa za Sefu. Ndinali nditakonza mayankho a funso limenelo kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi.

"Amayi, analeka liti kundifunsa?"

"Mwezi watha."

"Ndiye mu Meyi ankandidziwa. Mu Juni ankandidziwa. Mu Julayi, mu Ogasiti, ine ndikuimba Lachisanu lililonse, iwo ali kuseri kwa khoma ili akundidikira. Za telala tidzakamba tsiku lina, kapena sitidzakamba. Bambo anga ndi awa. Koma miyezi inayi imene akanandiitana dzina langa munaidya ndinu, ndipo simungandibwezere."

Anawaveka nsapato, anawagwira mkono, n'kutuluka nawo pa geti dzuwa likuswa mtengo. Anakana galimoto. Anayenda nawo wapansi pang'onopang'ono mpaka ku Mission, anthu akutuluka m'nyumba kudzaona a Makaiko obwera ku Gurue. Ine ndinkatsatira m'mbuyo, mphika wa kalongonda wosapsa uli pamutu.

8

Tawina anapempha kusamutsidwa, ndipo tsopano akugwira ntchito kuno ku Zomba. Anapita nawo abambo ake kuchipatala, kumene anatiuza kuti matendawa ali ndi dzina, ndi a ukalamba, ndipo sachira. Anatinso munthu wotere amachedwa kuiwala akamakhala pakati pa anthu ndi zinthu zimene anazizolowera. Mawu amenewo adokotala ananena akuyang'ana pepala, koma ine anandilasa ngati andiloza chala.

Palibe anawanena za zithumwa. Anthu amene ndinkawaopa aja ndi amene amabwera kudzawatenga Lamulungu, kuwakhazika kutsogolo pa mpando wawo wakale. Chilomwe chija amachiyankhulabe. Okalamba amamva, amayang'ana pansi, ena amapukuta m'maso. Lukiya, wa pakamwa uja, sanandifunsepo kanthu, ndipo kalongonda amabweretsa wophikaphika. Yunifolomu ya Mvano ndinaipinda ndekha n'kuiika pansi pa sutikesi. Mwanahamisi timapatsana moni pa msika. Kwake sindinapiteko, ndipo sanandiitane.

Tawina amandiyankhula za mankhwala, za sopo, za nyengo. Tsiku lina ndinamupempha kuti andikhululukire. Anati, "Mukayambe mwawauza amene munkawatumizira zithunzi aja." N'chifukwa chake ndalemba.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene muli ndi kanthu kanu kamene munakakwirira kalekale, sindikuuzani kuti mukafukule lero. Zimenezo mudziwa nokha. Ine ndinkaopa ziganizo ziwiri, ndipo chifukwa cha mantha ndinayimba miyezi isanu pamwamba pa chikhululukiro changa chomwe. Ndikanangotseka pakamwa tsiku limodzi lokha ku Gurue kuja, ndikanamva kuti mlandu umene ndinkauthawa unaweruzidwa kale pa phiri, mwana asanabadwe. Okalamba anu akayamba kuyankhula zimene simukufuna kumva, musawatsekere. Aloleni amalize.

Madzulo aliwonse Tawina akaweruka amabwera kudzakhala nawo pakhonde. Amawasendera kalongonda, iwo n'kumamuuza za mwana wawo wa ku Mzimba, wanzeru, woyendetsa njinga yamoto m'minda ya anthu. Iye amamvetsera ngati nkhani yatsopano. Akamanyamuka amamugwira dzanja.

"Mayi, inu mumayenda. Mukakamuona Tawina wanga, mukamuuze kuti ndikumudikira."

"Ndikamuuza, ababa," amatero. "Abwera mawa."

Ine ndimamva zonsezi ndili kuseri kwa chitseko, ndipo masiku ano sindiyimbanso.